Kapinga amene ankasendeka ngati mphasa: lipoti la mbozi zoyera pabwalo la nyumba ina

Mwini nyumba anandiitana chifukwa cha akhwangwala. Anati mbalamezi zikuwathera kapinga, m'mawa uliwonse zimatera gulu n'kumazula udzu ndi milomo, ndipo ankafuna ndiwauze njira yozithamangitsira. Za mbozi sanatchuleko. Ndalemba lipoti lonse la ntchito imeneyi, kuyambira tsiku loyamba mpaka ulendo womaliza patatha chaka chathunthu, chifukwa mavuto amene ndinawapeza pabwalopa ndimawapeza pafupifupi paliponse pamene andiitana, ndipo cholakwa chimodzi pa ntchitoyi chinali changa.

Mmene ndinalipezera bwalo

Bwaloli ndi la masikweya mita pafupifupi 400, dothi lake lamchenga pang'ono, ndipo mbali imodzi ndi yotsetsereka kulowera kumpanda. Ndinafika nyengo yozizira ikutha, nthaka itayamba kufunda. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kapinga linali litafiira m'zigamba zopanda maonekedwe enieni, zina zazing'ono ngati mbale, zina zitalumikizana n'kukhala chigamba chimodzi chachikulu pansi pa nyale ya panja imene imayaka usiku wonse. Poyenda pamalo ofiirawo phazi linkamira pang'ono, ngati ukuponda thonje.

Ndinagwada n'kugwira udzu wodzaza dzanja, n'kukoka. Sunalimbe ngakhale pang'ono. Chigamba chonse chinasendeka ngati mphasa, n'kubwera ndi dothi lochepa chabe, ndipo pansi pake panali mbozi zoyera zitadzipinda ngati chilembo cha C, mitu yofiirira, miyendo isanu ndi umodzi kufupi ndi mutu, kumchira kwakuda chifukwa cha dothi limene zadya. Mizu ya udzuwo inali itadulidwa pafupifupi masentimita awiri kuchokera pamwamba. Mayi mwini nyumba anabwerera m'mbuyo, dzanja pakamwa. Ndinawauza kuti, "Mayi, akhwangwala si amene akupha kapinga wanu. Iwo angotsatira chakudya. Wakupha kapinga ndi uyu."

Kukoka udzu kumeneku ndiye chiyambi cha kafukufuku aliyense, ndipo kumasiyanitsa zinthu zambiri zimene zimafanana ukaziona uli chiimire. Kapinga wouma ndi ludzu amafiira koma mizu imagwirabe nthaka. Wodwala matenda a nkhungu amathothoka masamba, mizu n'kutsala. Pamene galu amakodza pamapsa pakati, m'mphepete mwake n'kubiriwira kwambiri. Koma kapinga wodyedwa mizu amanyamuka yense.

Kukumba ndi kuwerenga

Kuona mbozi sikokwanira. Pafupifupi bwalo lililonse lili ndi mbozi zingapo, ndipo kapinga wamizu yabwino amapirira osaonetsa kanthu. Chofunika n'kudziwa kuchuluka kwake ndi mtundu wake. Ndinatenga fosholo yakuthwa n'kudula tizigawo ta masentimita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi, kuya masentimita 10, m'malo 12 osiyanasiyana: ena pakati pa zigamba zakufa, ena m'mphepete mwake, ena pamene udzu unali wobiriwira. Dothi la kachigawo kalikonse ndinalifumbutula pa thumba loyala pansi n'kuwerenga. Muyezo umene ambiri a ntchito yathu timatsatira ndi wakuti pa kachigawo kotere, mbozi zosakwana 5 sizifuna mankhwala, pakati pa 5 ndi 10 zimatengera thanzi la udzu, ndipo zikapitirira 10 kuwonongeka kumaonekera.

M'mphepete mwa zigamba ndinapeza mbozi pakati pa 14 ndi 22 pa kachigawo. Pakati penipeni pa malo akufa zinali zochepa, chifukwa zinali zitadya mizu yonse n'kusunthira kunja. Ichi n'chifukwa chake munthu wokumba pakati pokha amanyengeka. Kumbali ya mthunzi wa mtengo, kumene sankathirira kawirikawiri, ndinapeza ziwiri kapena zitatu basi.

Ndinayesanso ngati panali mbozi zodya masamba, za agulugufe ausiku, monga ntchembere zandonda ndi zinzake. Kuyesa kwake n'kosavuta: masupuni awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale m'malita anayi kapena asanu a madzi, n'kuthira pa sikweya mita imodzi ya udzu wobiriwira woyandikana ndi wakufa. Sopo amaziwawa pakhungu ndipo pasanathe mphindi khumi zimakwera pamwamba. Sipanatuluke ngakhale imodzi, kupatula nyongolotsi zingapo zimene ndinazitsuka ndi madzi oyera. Njira ya sopoyi siitulutsa mbozi zoyera, izo zimafuna fosholo. Panalibenso mphutsi zotuwa zopanda miyendo za ntchentche zamiyendo yaitali za mtundu wa Tipula, zimene zimavutitsa m'malo achinyontho.

Mbozi zoyera ndi ana a zikumbu za banja la Scarabaeidae, ndipo mitundu yake ndi yambiri. Timazisiyanitsa poyang'ana ndi galasi lokulitsa kunsi kwa mchira, kumene kuli tiubweya tolimba tondandalikana mosiyanasiyana. Za chikumbu cha Popillia japonica tiubweyato timapanga chilembo cha V. Za zikumbu za Phyllophaga tili m'mizere iwiri yoyendera limodzi, ndipo zambiri mwa zimenezi zimakhala m'nthaka mpaka zaka zitatu, choncho pamalo amodzi umapeza zazikulu ndi zazing'ono zosakanikirana. Za pabwaloli zonse zinali za msinkhu umodzi, zazikulu, zonenepa, zina zitayamba kuchita chikasu. Izi zinandiuza zinthu ziwiri: ndi mtundu umene umamaliza moyo wake wonse m'chaka chimodzi, ndipo zinali pa gawo lachitatu, lomaliza, la kukula kwake, zatsala pang'ono kusiya kudya kuti zisanduke zikumbu.

Pano ndipatuke pang'ono. Bambo wogwira ntchito m'bwalomo ananditengera ku mulu wa manyowa kuseri kwa nyumba, nati gwero la zonse ndi pamenepo, ndipo anali atakonza zoutentha. Mu muluwo munalidi mbozi zoyera zazikulu. Ndinatola imodzi n'kuiika pa simenti. Inagudubuka n'kuyamba kuyenda chagada, miyendo m'mwamba, ikudzikankha ndi msana. Ndinawaitana kuti aone bwino. Mbozi yoyenda chagada ndi ya zikumbu zamaluwa za gulu la Cetoniinae, ndipo za mu mulu wa manyowa chakudya chake ndi zinyalala zowola. Zimathandiza kupsetsa manyowa. Yodya mizu ukaiika pansi imavutikira chammbali kapena kukwawa chafufumimba. Muluwo unapulumuka, ndipo manyowa ake tinadzawagwiritsa ntchito pokonza bwalo lomwelo.

Chifukwa chake mankhwala oyamba sanagwire

Ndisanabwere anali atapopera katatu. Anandionetsa botolo: mankhwala a gulu la pyrethroid, abwino ndithu pa mbozi zodya masamba, chifukwa amapha kachirombo akakakhudza pamwamba. Koma mankhwala amenewa amakanirira pa zinyalala ndi dothi lapamwamba, satsika kukafika kumizu. Ndipo pabwaloli panali chotchinga china. Pakati pa masamba obiriwira ndi dothi panali mphasa ya udzu wakufa ndi timitsitsi touma yokhuthala masentimita atatu. Ikapitirira sentimita imodzi ndi theka, mphasa imeneyi imamwa mankhwala ngakhalenso madzi. Kupopera katatu konseko kunathera m'menemo. Zimene zinafa ndi akangaude, nyerere ndi tizikumbu takuda tothamanga pansi, tomwe timadya mazira ndi ana a mbozi zomwezo. Zimandipweteka ndikapeza zotere, chifukwa mwini wake amakhala wachita ndi mtima wofuna kupulumutsa bwalo lake, koma wapha omuthandiza n'kusiya mdani ali phee pansi.

Ndinafunsanso za kathiriridwe. Ankathirira madzulo alionse, mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, chaka chonse. Kuthirira kotere kumanyowetsa pamwamba pokha, ndiye mizu siivutikira kutsika, imakhala yaifupi, ndipo mbozi zochepa zimaimaliza. Komanso chikumbu chachikazi chimasankha nthaka yonyowa poikira, chifukwa mazira ake amayamba amwa madzi a m'dothi n'kutupa asanaswe. M'dothi louma ambiri amafa. Udzu ankaumeta mpaka masentimita awiri, ndipo nyale ija inkaitana zikumbu zouluka usiku kuti zidzatere pomwepo. Bwaloli linali litakonzedwa ngati nyumba yoberekera.

Kuwauza kuti adikire

Apa m'pamene panali povuta. Mayiwo ankafuna ndipopere tsiku lomwelo mankhwala amphamvu kuposa oyamba aja. Ndinakana, ndipo ndinawafotokozera chifukwa. Mbozi ya gawo lachitatu ndi yolimba, imafuna mankhwala ambiri kuti ife, ndipo izi zinali zitadya kale zimene zikanadya. Pakangopita milungu yochepa zikanatsika pansi n'kusanduka zikumbu. Kuzipha panthawiyo sikukanabweza muzu ndi umodzi womwe, ndiponso sikukanaletsa zikumbu za m'mabwalo oyandikana kudzaikira mazira atsopano. Nkhondo yeniyeni inali ya ana amene anali asanabadwe.

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye mukuti ndizingoona kapinga wanga akufa?" Ndinati, "Ayi mayi, wafa kale ameneyu. Tiyeni tikonze nthaka, ndipo ana awo akaswa adzatipeza tili okonzeka." Sanasangalale, koma anavomera.

Ndinawaikira njira ziwiri patsogolo. Yoyamba inali mankhwala oteteza, othira zikumbu zisanaikire kapena zikungoyamba. Wodziwika kale ndi imidacloprid, koma ameneyu amalowa m'zomera mpaka m'maluwa ndipo ndi woopsa kwa njuchi. Mayiko a European Union analetsa kumugwiritsa ntchito panja m'chaka cha 2018. Pabwaloli panali timaluwa tambiri tomera m'kapinga ndipo njuchi zinali piringupiringu, choncho sindinamuganizire n'komwe. Wina ndi chlorantraniliprole, amene savulaza njuchi ngati mnzakeyo, koma amafuna kuthiridwa msanga chifukwa amatenga nthawi kuti atsike kumizu, ndipo m'mayiko ena amaloledwa kwa akatswiri okha. Njira yachiwiri inali ya tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totchedwa nematodi, ta mtundu wa Heterorhabditis bacteriophora. Pakhomopo panali ana aang'ono awiri ndi galu, onse osewera pa kapinga yemweyo. Mayiwo anasankha nematodi, ndipo ine ndinagwirizana nawo.

Ntchito ya nyengo yodikira

Tinasenda zigamba zonse zakufa n'kusiya dothi poyera masiku awiri. Mbalame zinagwira ntchito yaikulu, ndipo mbozi zotsala tinatola ndi manja n'kuziponya m'chidebe cha madzi a sopo. Kenako tinapalasa mphasa ya udzu wakufa ija ndi leki yachitsulo bwalo lonse, ntchito yotopetsa imene inatulutsa mawilibala ambiri a zinyalala. Tinabaya nthaka ndi foloko, tinamwaza manyowa osefa mopyapyala, n'kubzala udzu watsopano m'malo opanda kanthu. Makina ometera tinawakweza kufika masentimita 7. Kuthirira tinakusintha kukhala kamodzi kapena kawiri pa mlungu, madzi okwana mamilimita 25 onse pamodzi, m'mawa, poyezera ndi tizitini topanda kanthu toikidwa apa ndi apo. Udzu wongobzala kumene unkalandira madzi ake padera mpaka utagwira.

Bambo wa m'bwalo uja ndinawapatsa ntchito imodzi: tsiku limene adzaone zikumbu zofiirira zikuzungulira nyale madzulo, andidziwitse. Anatero kutangoyamba kutentha. Kuyambira pamenepo nyaleyo inkazimitsidwa, ndipo kwa milungu itatu tinachepetsa madzi pa kapinga wakale mpaka pamwamba pa dothi pankauma pakati pa kuthirira kumodzi ndi kunzake. Udzu unachita mbuu pang'ono, koma sunafe.

Kuthira nematodi

Mazira a zikumbuzi amaswa pakatha milungu iwiri kapena itatu. Patatha milungu isanu ndi umodzi chiyambire kuuluka ndinakumbanso m'malo 12. Ndinapeza timbozi tating'ono, kutalika ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, tili pamwamba penipeni pakati pa mizu, 8 mpaka 13 pa kachigawo m'dera lozungulira nyale ndi lotsetsereka, ndipo 2 mpaka 4 kwina konse. Chiwerengero chinali chitatsika kale kuyerekeza ndi poyamba, koma m'madera awiriwo chinali chokwanira kuwononganso. Tinaganiza zothira masikweya mita 200 okha, osati bwalo lonse.

Nematodi ndi zamoyo, ndipo amene amaziona ngati ufa wamankhwala ndi amene amadzati sizigwira ntchito. Zimabwera m'paketi, zitasakanizidwa ndi dongo kapena phala louma, ndipo zimasungidwa mufiriji, osati mozizira kwambiri mpaka kuundana. Zimafuna nthaka yofunda kuposa madigiri 12, ndipo dzuwa limazipha m'mphindi zochepa. Zimayenda m'timadzi topyapyala tokuta dothi, choncho nthaka ikauma zimaima n'kufa. Zikapeza mbozi zimalowa kudzera mkamwa, kumchira, m'timabowo topumira, ndipo za mtundu umenewu zili ndi kadzino kobowolera khungu lofewa. Zikalowa zimalavula bakiteriya wotchedwa Photorhabdus amene zimanyamula m'matumbo, ndipo ndi bakiteriyayo amene amapha mbozi m'masiku awiri kapena atatu. Zimaswana m'mtembomo, ndipo patatha milungu pafupifupi iwiri ana ake amatuluka kukasaka mbozi zina.

Ndisanathire ndinasungunula pang'ono m'madzi, n'kudontheza pa galasi loikidwa pamwamba pa pepala lakuda, n'kuyang'ana ndi galasi lokulitsa. Zamoyo zimapindikapindika, zakufa zimaongoka ngati tisingano. Zambiri zinali zikuyenda. Muyezo unali wa pa paketi, nematodi 50 miliyoni pa masikweya mita 100 alionse. Dzulo lake tinali titameta udzu ndi kuthirira mpaka dothi linanyowa masentimita 10. Madzi osungunulira tinawatunga dzulo lakelo kuti klorini atuluke. Tinayamba dzuwa litalowa, ndi makeni othirira amabowo akuluakulu, tikutakasa chidebe nthawi iliyonse tisanatunge chifukwa nematodi zimakhazikika pansi msanga. Wogwiritsa ntchito mpope wopopera ayenera kuchotsa tisefa tonse tatimabowo ting'onoting'ono, ndipo usakhale umene munali mankhwala ena. Titamaliza tinathiriranso madzi oyera kuti titsukire zonse zokakamira pamasamba zilowe pansi.

Pamene ndinalakwitsa

Ndinasiya malangizo akuti nthaka isaume kwa milungu iwiri, n'kubweranso pa tsiku la 12. Pansi pa nyale zinthu zinali bwino kwambiri. M'kachigawo koyamba ndinapeza mbozi 9, ndipo 7 mwa izo zinali zakufa, zitasanduka zofiira ngati njerwa yootcha, zofewa koma zosaphulika, zopanda fungo la chowola. Mtundu wofiirawu ndiye chidindo cha Heterorhabditis. Mbozi yofa ndi zina kawirikawiri imada n'kununkha. Ndinatumbula imodzi m'dontho la madzi ndipo mayiwo anaona okha ndi galasi tinyongolotsi tikutuluka piringupiringu. Zakufazo ndinazikwiriranso pamalo pake, chifukwa iliyonse ndi nkhokwe ya zikwizikwi za asilikali atsopano.

Kotsetsereka kuja kunali kwina. Mbozi zinali zamoyo pafupifupi zonse, zoyera mbee, zikudya. Nditapisa chala m'dothi ndinapeza lauma pansi pa sentimita yoyamba. Bamboyo sanaphonye tsiku ndi limodzi lomwe, ankathirira mofanana paliponse monga ndinawauzira. Koma pamalo otsetsereka ndi amchenga madzi ankayenderera pamwamba kupita kumpanda osalowa. Kutsetserekako ndinakuona tsiku loyamba, ndinakulemba m'buku langa, koma popereka malangizo ndinangonena mawu amodzi a bwalo lonse. Ndinawauza onse awiri kuti cholakwacho ndi changa, ndipo paketi yachiwiri ndinalipira ndine.

Tinabaya malowo ndi foloko mothinana, n'kusintha kathiriridwe kukhala kadukizaduki: mphindi zisanu, kupumira theka la ola, mphindi zisanu zina, katatu. Dothi litanyowa mpaka pansi tinathiranso nematodi pa masikweya mita 60. Mbozi zinali zitakulirako, zambiri zitalowa gawo lachiwiri, ndipo zotsatira zake sizinafanane ndi za pansi pa nyale. Patatha milungu iwiri, mwa mbozi 10 zilizonse zimene ndinafukula, pafupifupi 6 zinali zofiira. Zotsalazo zinali pansi pa muyezo woti n'kuwononga, ndipo ndinaona kuti kuthira kachitatu kukanakhala kutaya ndalama za eni ake.

Ulendo womaliza

Ndinabweranso nyengo yozizira yotsatira ikutha, nthawi yofanana ndi ya ulendo woyamba. M'malo 12 ndinapeza mbozi 0 mpaka 3 pa kachigawo, kupatula kachigawo kamodzi kumunsi kwa kotsetsereka kumene kunali 6. Kumeneko kunali kachigamba kofiira kakang'ono ngati chipewa, ndipo tinangokasenda, kutola mbozi ndi manja, n'kubzalapo udzu wina. Mizu ya m'malo ena inali itafika masentimita 10 mpaka 12, ndipo podula ndi fosholo inkamveka kulimba. Akhwangwala ankaterabe m'mawa, awiri kapena atatu, koma ankangoyendayenda osazula kanthu.

Nematodi sizikhalitsa m'nthaka mochuluka moti n'kuzidalira chaka chinzake, ndipo zikumbu zidzabwerabe kuchokera kwina. Choncho malangizo amene ndinasiya ndi akuti zikumbu zikadzayamba kuuluka nyale izime, madzi achepe, ndipo pakatha milungu isanu ndi umodzi akumbe m'malo asanu ndi limodzi, atatu mwa iwo akhale kotsetsereka. Akapeza zopitirira 8 pa kachigawo andiitane. Bambo wa m'bwalo uja anadula kale kathabwa ka masentimita 30 mbali zonse koyezera tizigawo, ndipo anakapachika pa msomali pafupi ndi fosholo.